Todd Matshikiza

Todd Tozama Matshikiza (7 Marichi 1921 – 4 Marichi 1968) anali wopeka nyimbo, woimba piyano, mphunzitsi, mtolankhani komanso muulutsi wa pa wailesi wochokera ku South Africa. Amadziwika kwambiri chifukwa ndiye anapeka nyimbo za sewero la King Kong, lomwe linayamba kuonetsedwa ku Johannesburg mu 1959 n'kukafika ku London mu 1961. Seweroli lili m'gulu la zisudzo zikuluzikulu za kum'mwera kwa Africa, ndipo ndi limene linatsegulira njira oimba monga Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi Jonas Gwangwa. Matshikiza anachoka m'dziko lakwawo mu 1960 potopa ndi ulamuliro watsankho. Anakhala ku England zaka zinayi, kenako anasamukira ku Zambia, komwe anagwira ntchito pa wailesi ndiponso yosonkhanitsa nyimbo za makolo. Anamwalirira ku Lusaka ali ndi zaka 46, asanapondenso kwawo.

Ubwana ndi maphunziro

Matshikiza anabadwira m'tauni ya Queenstown, yomwe masiku ano imatchedwa Komani, m'chigawo cha Eastern Cape. Anali mzime m'banja la ana asanu ndi awiri lolankhula Chixhosa. Banjali linali lodziwika ndi luso la zoimbaimba. Mkulu wake, Meekly Matshikiza, anali katswiri wa piyano m'mabandi ovinitsa anthu, ndipo mwana wa m'bale wake, Pat Matshikiza, anadzakhalanso woimba piyano wotchuka m'nyimbo za jazi. Motero Todd anakula akumva mitundu iwiri ya nyimbo pakhomo pomwepo: nyimbo za kwaya za kutchalitchi ndi nyimbo zovina za ku America zomwe zinkafika pa mbale za galamafoni.

Anaphunzira pa St Peter's ku Rosettenville, Johannesburg, sukulu ya mpingo wa Angilikani yomwe Oliver Tambo anaphunzirapo ndi kuphunzitsapo. Kenako anatenga dipuloma ya nyimbo ku Adams College, ku Natal, ndi dipuloma ya uphunzitsi ku Lovedale, pafupi ndi tauni ya Alice. Lovedale inakhazikitsidwa ndi amishoni a ku Scotland mu 1841, ndipo mbiri yake imakhudzanso dziko la Malawi: mkulu wa sukuluyi, James Stewart, ndiye analimbikitsa zoyambitsa mishoni ya Livingstonia, ndipo mlaliki William Koyi, yemwe anagwira ntchito pakati pa Angoni, anachokera komweko mu 1876. Sukuluyi inalinso phata la nyimbo za kwaya zolembedwa m'kalembedwe ka do-re-mi, komwe makwaya a m'matchalitchi a ku Malawi ndi Zambia amagwiritsabe ntchito.

Atamaliza maphunziro, Matshikiza anatsalira pa Lovedale n'kumaphunzitsa Chingerezi ndi masamu kusekondale mpaka 1947. Pa nthawiyi ndi pomwe anayamba kupeka nyimbo za kwaya. Imodzi mwa izo, Hamba Kahle, nyimbo yotsanzikana, inafalikira m'makwaya ambiri a ku South Africa.

Moyo wa ku Johannesburg

Mu 1947 anasamukira ku Johannesburg, mzinda umene anthu a ku Malawi ankangoutchula kuti Joni. Chaka chotsatira chipani cha National Party chinatenga boma n'kuyamba kukhwimitsa malamulo olekanitsa anthu potengera khungu. Munthu wakuda ankayenera kuyenda ndi pasi nthawi zonse, sankaloledwa kupezeka m'tauni usiku popanda chilolezo chapadera, ndipo malo ambiri oimbiramo anali otsekeka kwa iye pokhapokha akhale wantchito kapena wosangalatsa azungu.

Kuimba kokha sikukanadyetsa banja. Matshikiza anaphunzitsa kwa kanthawi, anatsegula sukulu yake yophunzitsa piyano, anagwira ntchito m'sitolo ya mabuku ya Vanguard, ndiponso anakhalapo wogulitsa malezala a kampani ya Gillette. Madzulo ankaimba piyano ndi magulu monga Manhattan Brothers ndi Harlem Swingsters. Mu 1950 anakwatira Esme Mpama, ndipo anabereka ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna.

Nyimbo zomwe ankaimba m'zaka zimenezi zinali zosakanikirana. Munali marabi, nyimbo za m'mashabini zomwe zimazungulira pa kamayimbidwe kafupi kobwerezabwereza. Munali jazi ya mabandi akuluakulu a ku America. Munalinso kagwirizanidwe ka mawu anayi ka kwaya ya pa mishoni. Luso lake linali lolumikiza zitatuzi popanda china kuphimba chinzake.

Utolankhani ku Drum

Mu 1952 Matshikiza analowa ntchito ku magazini ya Drum, yomwe mwini wake anali Jim Bailey ndipo mkonzi wake pa nthawiyo anali Anthony Sampson. Drum inali magazini yowerengedwa kwambiri ndi anthu akuda a m'matauni, ndipo pambuyo pake inayamba kusindikizidwanso mwapadera kumadzulo ndi kum'mawa kwa Africa. Anagwira ntchito limodzi ndi olemba monga Henry Nxumalo, Can Themba, Bloke Modisane, Arthur Maimane, Casey Motsisi ndi Es'kia Mphahlele.

Iye ankalemba za nyimbo ndi oimba, makamaka a ku Sophiatown, dera la Johannesburg lomwe anthu akuda ankaloledwa kukhala ndi nyumba zawozawo mpaka boma linayamba kuwasamutsa mokakamiza mu Febuluwale 1955. Kalembedwe kake kanali kachilendo: ziganizo zazifupi, zodukaduka, zosakaniza Chingerezi ndi chilankhulo cha mumsewu, zoyenda ngati kugunda kwa ng'oma. Anzake anakapatsa dzina loti Matshikese, kusonyeza kuti kanali ngati chinenero chakechake. Sampson analemba pambuyo pake kuti Matshikiza ankamenya taipilaita ngati akuimba piyano. Analinso ndi danga lake lokhazikika lotchedwa With the Lid Off, momwe ankafotokoza mwanthabwala koma mobaya za moyo wa tsiku ndi tsiku pansi pa malamulo a pasi. Nkhani zake zokhudza oimba akale ndi zina mwa zolembedwa zochepa zomwe zasunga mbiri ya jazi ya ku South Africa ya m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940.

Nyimbo za kwaya

Ngakhale anali kalikiliki ndi utolankhani, sanasiye kupeka. Mu 1953 anapeka Makhaliphile, dzina lotanthauza munthu wopanda mantha, polemekeza wansembe wa Angilikani Trevor Huddleston, yemwe ankatsutsa poyera kugwetsedwa kwa Sophiatown. Huddleston yemweyo ndiye anapezera Hugh Masekela lipenga lake loyamba.

Mu 1956, pomwe Johannesburg inkakumbukira kuti yakwanitsa zaka 70, Matshikiza anapemphedwa kupeka nyimbo ya pa chikondwererocho. Anapeka Uxolo, kutanthauza mtendere, nyimbo yaitali ya kwaya ya anthu 200 pamodzi ndi bandi ya malipenga. Nyimboyi inaonetsa kuti ankatha kulemba nyimbo za gulu lalikulu, ndipo inathandiza kuti dzina lake likumbukiridwe pomwe anthu ena anayamba kuganiza zokonza sewero lalikulu loimba.

Nkhani ya King Kong

Dzina la seweroli silikukhudzana ndi filimu ya ku America ya chinyani chachikulu. King Kong linali dzina lomwe anthu anapatsa Ezekiel Dlamini, katswiri wa nkhonya wochokera ku Natal, yemwe anakhala ngwazi ya anthu osakhala azungu pagulu la omenya nkhonya olemera kwambiri. Malamulo a nthawiyo sankalola kuti amenyane ndi mzungu, choncho analibe kwina kokwerera. Anthu ankamukonda chifukwa cha mphamvu zake ndi kudzitama kwake, moti ankamutsatira m'misewu akamathamanga pokonzekera nkhonya. Atagonja mosayembekezereka kwa Simon Mtimkulu, munthu wopepuka kumuyerekeza ndi iye, mbiri yake inayamba kutsika, ndipo anakhala mlonda wa pakhomo m'maholo ovinira. Mu 1956 anapha chibwenzi chake pochibaya ndi mpeni. Kukhoti anapempha yekha kuti aphedwe, koma woweruza anamulamula kukhala m'ndende zaka 12. Mu Epulo 1957 anamira m'damu la pa ndende ya Leeuwkop, ndipo anthu ambiri anakhulupirira kuti anadzipha. Matshikiza anautsatira mlanduwu ngati mtolankhani, motero nkhaniyi ankaidziwa bwino asanayambe kuipekera nyimbo.

Ntchito yokonza seweroli inali m'manja mwa bungwe la Union of Southern African Artists, lomwe likulu lake linali ku Dorkay House, mumsewu wa Eloff. Loya Harry Bloom ndiye analemba nkhani yake, Pat Williams analemba mawu a nyimbo zambiri, Leon Gluckman anali wotsogolera sewero, Arthur Goldreich anakonza maonekedwe a pa siteji ndi zovala, ndipo Arnold Dover anaphunzitsa magule. Matshikiza anapeka nyimbo zonse mu 1958 ndipo analembako mawu a zina, makamaka a m'zinenero za anthu akuda. Ntchito yogawira nyimbozo ku zida zosiyanasiyana za bandi inagwiridwa ndi Stanley Glasser, Mackay Davashe, Kippie Moeketsi ndi Sol Klaaste.

Kupekera sewero nyimbo n'kosiyana ndi kupeka nyimbo ya pa mbale. Nyimbo ya pa mbale imaima payokha, koma ya m'sewero iyenera kupititsa nkhani patsogolo, kuonetsa khalidwe la amene akuiimba, ndi kulola anthu ambiri kulowa ndi kutuluka pa siteji ikuimbidwa. Matshikiza anapatsa gawo lililonse mtundu wake wa nyimbo. M'shabini ya Joyce, yotchedwa Back of the Moon, munamveka jazi yovina. Anthu oima pamzere wa basi mbandakucha ankaimba mwa kwaya. Ukwati unali ndi nyimbo yonga ya kutchalitchi, ndipo anyamata a mumsewu ankaimba kwela ndi zitoliro zawo zachitsulo. Mwa njira imeneyi omvera ankazindikira malo ndi nthawi ya zochitika kudzera m'makutu, asanamve n'komwe mawu.

Shabini inali pakati pa nkhaniyi pa chifukwa chenicheni. Mpaka 1962 lamulo linkaletsa anthu akuda kugula mowa wachizungu, choncho amayi ambiri ankafulula ndi kugulitsa mowa mobisa m'nyumba zawo. M'nyumba zimenezo ndi momwe oimba, atolankhani, aphunzitsi ndi zigawenga ankakumana.

Kuonetsedwa kwake

Kukonzekera kunali kovuta. Ochita seweroli ambiri ankagwira ntchito zina masana n'kumayeserera usiku, ndipo pobwerera kumalokeshoni ankafunika mapasi a usiku kuti apolisi asawagwire. Malo ambiri a zisudzo a mumzinda sankalola anthu akuda ndi azungu kukhala pamodzi. N'chifukwa chake seweroli linatsegulidwa pa 2 Febuluwale 1959 mu holo yaikulu ya Yunivesite ya Witwatersrand, momwe anthu a mitundu yonse ankatha kulowa.

Nathan Mdledle wa gulu la Manhattan Brothers ndiye anali King Kong, Miriam Makeba anali Joyce, ndipo Joe Mogotsi anali Lucky, mtsogoleri wa zigawenga. Onse oonekera pa siteji, pafupifupi 70, anali anthu akuda. Bandi ya anthu 14 inkatsogoleredwa ndi Mackay Davashe, ndipo munali Kippie Moeketsi, Jonas Gwangwa ndi Hugh Masekela, yemwe pa nthawiyo anali ndi zaka 19 zokha.

Nelson Mandela anali m'gulu la oonera pa usiku woyamba, pa nthawi yomwe iye ndi anzake ankazengedwa mlandu woukira boma umene unayamba ndi kumangidwa kwa anthu 156 mu Disembala 1956. Anthu ena, kuphatikizapo Mandela, anamva m'nyimbo ya Sad Times, Bad Times uthenga wolimbikitsa oimbidwa mlanduwo. Seweroli silinkatchula ndale poyera, ndipo n'zimene zinalipulumutsa kuti lisaletsedwe. Komabe nkhani ya munthu wamphamvu yemwe wasowa kolowera chifukwa njira zonse zatsekedwa inkamveka bwino kwa aliyense wokhala pansi pa malamulo a tsankho.

Litachoka ku Johannesburg, seweroli linakaonetsedwa ku Durban, Cape Town ndi Port Elizabeth. Anthu pafupifupi 200,000 analionera ku South Africa, ndipo kampani ya Gallo inatulutsa nyimbo zake pa mbale.

Kwela ndi mayiko oyandikana nawo

Nyimbo za kwela, zomwe Matshikiza anazikweza kuchoka pamphambano za misewu n'kuziika pa siteji, zinali zitayamba kale kudutsa malire. Amuna ambiri a ku Nyasaland, kuphatikizapo a m'madera a Dowa, Ntchisi, Dedza ndi Mzimba, ankapita kukagwira ntchito kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Southern Rhodesia, ndipo pobwerera ankatenga magalamafoni, mbale ndi magitala. Ku Malawi kwela inakhazikika kudzera mwa oimba monga Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, omwe anaimva koyamba ali ana ku Salisbury, komwe banja lawo linkakhala. Iwo anapitiriza kuimba nyimbozi kwa zaka zambiri zitazilala kale ku South Africa komwe zinayambira.

Mkhumbane

Pambuyo pa King Kong, Matshikiza anagwirizana ndi Alan Paton, mlembi wa buku lotchuka la Cry, the Beloved Country, kukonza sewero lina loimba lotchedwa Mkhumbane. Dzinali ndi la Chizulu la Cato Manor, dera la zisakasa ku Durban lomwe anthu ake ankasamutsidwanso mokakamiza. Seweroli linatsegulidwa ku Durban kumapeto kwa Marichi 1960, patangopita masiku ochepa apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Marichi. Pa 30 Marichi boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi n'kuyamba kumanga anthu ambirimbiri. M'nyengo yotereyi seweroli silinathe kuyenda m'mizinda monga linachitira King Kong, ndipo nyimbo zake sizinafalikire mofanana.

Ku London

M'chaka chomwecho cha 1960 Matshikiza ananyamuka ndi banja lake kupita ku England. King Kong inamutsatira: inatsegulidwa ku Princes Theatre, London, pa 23 Febuluwale 1961 mothandizidwa ndi Jack Hylton, ndipo inaonetsedwa ka 201. Makeba anali atachoka kale mu 1959 n'kukakhazikika ku America, motero malo a Joyce anatenga Peggy Phango. Mnyamata woimba chitoliro Lemmy Mabaso anali m'gulu lomwe linakopa anthu a ku London.

Kwa wopeka nyimboyo ulendowu sunali wokoma wokhawokha. Seweroli linasinthidwa kuti ligwirizane ndi zomwe anthu a ku Britain anazolowera, ndipo Matshikiza sanasangalale ndi momwe nyimbo zake zinakonzedweranso. Kuyambira ku Johannesburg komwe, mphamvu zogamula zinthu zinali kwambiri m'manja mwa azungu a m'gulu lokonza seweroli, ngakhale kuti iwo ankatsutsa tsankho. Funso lakuti mwini weniweni wa King Kong anali ndani, komanso kuti ndani anapindula nalo, likukambidwabe ndi ofufuza mbiri ya zisudzo. Panalinso ena omwe ankadandaula kuti boma la South Africa linapereka mapasipoti kwa ochita seweroli pofuna kudzionetsa ngati labwino kunja. Zotsatira zake zinali zosiyana ndi zimenezo: ambiri mwa iwo, kuphatikizapo a Manhattan Brothers, Gwangwa ndi Phango, sanabwerere kwawo seweroli litatha.

Mu 1961 Matshikiza anatulutsa buku lofotokoza za moyo wake lotchedwa Chocolates for My Wife. M'bukuli anayerekeza moyo wa ku Johannesburg, wa mapasi ndi kumangidwa, ndi moyo wa ku London, komwe kunalibe malamulo a tsankho koma munthu wakuda ankavutikabe kupeza nyumba ya lendi. Bukuli linaletsedwa ku South Africa. Ku London sanapeze mwayi womwe ankayembekezera pa nyimbo. Ankadalira kulemba nkhani, maganyu a pa wailesi ndi kuimba piyano m'malo achisangalalo.

Zaka za ku Zambia

Mu 1964, chaka chomwe Malawi ndi Zambia zinalandira ufulu wodzilamulira, Matshikiza anasamukira ku Lusaka kukagwira ntchito yowerenga nkhani ndi kukonza mapulogalamu pa wailesi ya boma. Boma latsopano la Kenneth Kaunda linkafuna anthu odziwa ntchito, ndipo linalandira anthu ambiri othawa tsankho kum'mwera. Wailesi ya ku Lusaka inali ndi mbiri yaitali: kuyambira m'zaka za m'ma 1940 inkaulutsa m'zinenero monga Chinyanja ndi Chibemba, inkamvekanso ku Nyasaland, ndipo ndi yomwe inatchukitsa oimba monga Alick Nkhata.

Mu 1965 Matshikiza anaimba nawo pa chikondwerero cha zaluso cha dziko la Zambia. Mu 1966 boma la South Africa linamuika pa mndandanda wa olemba okhala kunja omwe zolemba zawo zinaletsedwa pansi pa lamulo lothana ndi chikomyunizimu, pamodzi ndi Mphahlele, Modisane, Themba ndi Lewis Nkosi. Izi zinatanthauza kuti munthu wa ku South Africa akanapalamula mlandu pongosindikiza kapena kubwereza mawu ake.

Mu 1967 anayamba ntchito yosunga nyimbo ku nthambi ya boma yofalitsa nkhani. Ankayenda m'madera a kumidzi kujambula nyimbo za makolo ndi kusonkhanitsa zida zoimbira. Ntchitoyi inamubwezera kufupi ndi nyimbo, koma sanapekenso sewero lina lalikulu. Anthu omwe ankamudziwa anafotokoza kuti kusowa kwawo kunkamudya mumtima, podziwa kuti khomo lobwerera ku South Africa linali lotseka.

Imfa

Matshikiza anamwalira ku Lusaka pa 4 Marichi 1968, kutatsala masiku atatu kuti akwanitse zaka 47. Anali mmodzi mwa olemba angapo a Drum omwe anamwalirira kunja ali aang'ono: Nat Nakasa anamwalira ku New York mu 1965 ndipo Can Themba ku Swaziland mu 1967.

Chikumbutso chake

Mwana wake wamwamuna, John Matshikiza (1954–2008), anakulira ku London ndi ku Lusaka, ndipo anadzakhala katswiri wa zisudzo, wa mafilimu komanso mtolankhani. Atabwerera ku South Africa anadzutsa danga la With the Lid Off m'nyuzipepala ya Mail & Guardian, ndipo zolemba za bambo ndi mwana zinasonkhanitsidwa m'buku limodzi la dzina lomwelo. Mdzukulu wake, Lindiwe Matshikiza, nayenso ndi wa zisudzo.

King Kong inakonzedwanso mu 2017 ndi Fugard Theatre ya ku Cape Town motsogoleredwa ndi Jonathan Munby, ndipo inaonetsedwanso ku Johannesburg. Pa 25 Sepitembala 2023 kampani ya Google inaika chithunzi cha Matshikiza pa tsamba lake lofufuzira zinthu pokumbukira kuimbidwa kwa Uxolo mu 1956.

Kwa ophunzira nyimbo ndi zisudzo, ntchito ya Matshikiza ndi chitsanzo choyambirira cha momwe nyimbo za m'malokeshoni, zomwe anthu ophunzira a nthawiyo ankazinyoza kuti n'za m'mashabini, zinanyamulira sewero lathunthu la maola awiri. Masewero oimba a Gibson Kente a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, komanso Sarafina! ya Mbongeni Ngema ya mu 1987, anayenda m'njira yomwe King Kong inalambula.